Mwana wasankhidwa ku Chirunga koma malo pa kampasi palibe: kwa asisiteri kapena ku Chikanda?

Mayi a Tadala: Moni nonse apagulu pano. Ine ndine wa ku Mchinji, wandilowetsa muno ndi mlamu wanga amene anagwirako ntchito ku Zomba. Mwana wanga wamkazi, wachisamba, wasankhidwa ku yunivesite kwanuko ku Chirunga, ku Zomba, kukachita zauphunzitsi. Tinakondwa mpaka nkhuku inafa, koma dzina lake silinatuluke pa anthu ogona pa kampasi. Zomba sindiidziwa ine, ndinangodutsapo kamodzi usiku tikupita ku maliro ku Phalombe. Bambo mfumu a ku parishi kwathu atiuza kuti kuli nyumba ina imene asisiteri amasungamo atsikana a ku yunivesite, kudya komweko, kupemphera komweko. Vuto ndi lakuti mtengo wake ukuposa wa chipinda cha lendi ku Chikanda, dera limene akuti lili pafupi ndi kampasi. Bambo ake akuti titenge chotchipacho, mwana ndi wamkulu. Mwini wakenso wakana kwamtuwagalu, akuti zaka zinayi za ku sekondale yogonera komweko zinamukwana, sanalembetse zopita ku konventi. Ine mtima uli m'mwamba. Amene mukudziwa za nyumba zoterezi ndiuzeni zoona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Adimini: Takulandirani mayi. Anzanga, ayankheni mwaulemu. Manambala a foni ndi mayina a nyumba za eni musaike pano, zimenezo ku inibokosi.

Konti wa ku Chikanda: Mayi, mwanayo akunena zoona, musiyeni apume mpweya. Ine chaka chachinayi chino ndili ku Chikanda ndipo sindinafe. Chikanda ndiye yunivesite yeniyeni, ku Chirunga timangopita kukatenga pepala. Kuno umaphunzira kugawa kathumba ka makala kuti kafike Lachisanu, kunyengerera alandilodi loni ikachedwa, kuphika bonya m'njira zisanu kuti m'mimba musadziwe kuti ndi yemweyo. Mtsikana amene wakhala kuno zaka zinayi mungamutumize kukaphunzitsa ku Nsanje kapena ku Chitipa, sangalire. Koma wa kwa asisiteri, belu lomudzutsa, belu lakudya, belu lopemphera, tsiku lomaliza sukulu adzadzuka 10 koloko kudikira belu.

Mphatso: Achimwene a Konti mwaseketsa, koma mwangosimba za amene anapulumuka. Amene Chikanda inawameza salemba pagulu pano.

Mayi, ine ndinakhalako konse kuwiri, ndiye mundipirire ndilemba zambiri. Chaka choyamba ndinali m'chipinda cha lendi, awiri, ine ndi mtsikana wina amene tinangokumana pa geti tsiku lolembetsa. Palibe anandichita chipongwe, ndisaname. Chimene chinandipweteka ndi chinthu chimene makolo simuchiganizira: nthawi. Kutuluka m'kalasi 5 koloko, kukatunga madzi chifukwa mpopi ndi umodzi wa zipinda zonse, kukoleza mbaula, kudikira nyemba zipse, kudya, kutsuka, uku magetsi azima. Pofika potsegula buku maso ali gwa ndi utsi. Kenaka unayamba mchitidwe wodumpha chakudya. Poyamba unkati ukusunga nthawi, kenaka ukusunga ndalama, mapeto ake wazolowera kugonera tiyi ndi chigumu. Semesita yoyamba ndinalemba masapu awiri, mayeso obwereza a makosi amene ndinalephera. Kunyumba ndinkangowauza kuti zonse zili bwino, nanga ndikanati chiyani, anthu atagulitsa mbuzi?

Chaka chachiwiri ndinasamukira kunyumba ya asisiteri. Belu linalipodi, sindikana. Koma kwa ine chachikulu sichinali belu kapena kolona, linali tebulo. Madzulo tinkadyera pamodzi, ndipo mpando wako ukakhala wopanda munthu zinkaoneka. Chaka chachitatu bambo anga anamwalira. Nditabwerako ku maliro ndinadzitsekera, osapita m'kalasi, osasamba. Tsiku lachiwiri asisiteri aakulu anagogoda atanyamula phala. Sanandilalikire. Anakhala pa bedi la mnzanga mpaka ndinamaliza phalalo, kenaka anati, mawa ndikuperekeza ukaonane ndi aphunzitsi ako tisanachedwe. Anandiperekezadi wapansi mpaka pakhomo pa ofesi. Ku Chikanda kuja ndikanagona mlungu wathunthu, mnzanga akanangoti ndatopa.

Zamaphunziro kunali chipinda chowerengera chokhala ndi nyali za sola, chete kuyambira 7 koloko. Ndipo popeza munali a zaka zonse, yaro, wa chaka choyamba, akakanika ndi masamu ankangogogoda kwa konti, wa zaka zapamwamba, wa chipinda chachiwiri. Mapepala a mayeso akale ankasiyirana ngati chuma cha masiye.

Konti wa ku Chikanda: Pepani za bambo, asisi. Koma tanenani za geti. Amatseka nthawi yanji? Chifukwa nthawi ya mayeso anthu timachoka pa kampasi usiku kwambiri, disikashoni ya gulu imayamba pamene asisiteri akuzimitsa nyali.

Mphatso: Nthawi yathu linali 9 koloko. Ukafuna kuchedwa unkalemba m'buku pakhomo, kumene uli ndi amene ubwere naye, alonda n'kukudikira. Zinkanyansa, makamaka ukakhala kuti kumene uliko sikolembeka m'buku la asisiteri. Koma inunso mukudziwa kuti njira za kumeneko usiku mtsikana sayenda yekha laputopu ili kumsana.

Esnart: Ine ndimafuna kungowerenga koma ayi, ndalephera. Mayi a Tadala munati mukufuna zoipa zomwe, nazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinakhalako m'nyumba ina ya mpingo, sinditchula, ndipo sindikudziwa ngati ndi yomweyo ya a Mphatso. Mnzanga wa chipinda chimodzi anatenga pathupi chaka chachitatu. Yunivesite sinamuchotse, anali ndi ufulu wopitiriza. Koma kunyumba kuja anamupatsa masiku atatu kuti alongedze, ati asaononge anzake. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti mayeso ayambe. Ndinamunyamulira ine matiresi pa kabaza mvula ili pamsana. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo anapitiriza kuimba kwaya Lamulungu lililonse, kutsogolo, tayi ali pakhosi. Madzulo ake tinakhala pa tebulo lija a Mphatso akulitama, mpando wake uli mbee, ndipo palibe anatchula dzina lake. Tinapemphera kolona ngati palibe chachitika.

Chinanso, nyumba zimenezi zimanenedwa kuti ndi zothandiza ana, koma amene amakwanitsa kulipira ndi ana a anthu amene ali nazo kale. Mwana wa mlimi weniweni, wodalira loni yokha, sangalowemo. Ndiye mpingo ukuteteza ndani? Mwana amene bambo ake angathe kumutumizira ndalama pa foni tsiku lililonse ndi amene ali m'mpanda, wosowayo ndi amene ali panja pamene mablesa akuzungulira ndi magalimoto Lachisanu.

Chikhulupiriro sindinataye, ku Misa ndimapita. Koma zimene ndinaona ndinaona.

Mphatso: Asisi Esnart, si nyumba imodzi, koma sindingakutsutseni. Kwathu zinachitikaponso, kungoti mtsikanayo anamusiya kumaliza semesita ndipo anamupezera banja lina la mumphakati lomusunga. Komabe anachoka. Ndipo zoti anyamata sakhudzidwa, pamenepo mwalasa.

Akatekisiti a ku Sadzi: Mwana wanga Esnart, zimene wanenazo zandichititsa manyazi, ndipo sindibwera ndi vesi kudzaziphimba. Mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika sungathamangitsire mayi wake kumvula. Ukatero ukuuza atsikana enawo kuti chofunika ndi kubisa, ndipo tonse tikudziwa kumene kubisako kumathera. Nkhani imeneyi ndinaiyankhulapo pa msonkhano wina wa atsogoleri, ena anandiyang'ana ngati ndaledzera.

Koma mayi a Tadala, nyumba ndi anthu amene akuiyendetsa. Chikwangwani cha dzina la woyera mtima pa geti sichiphika nsima. Mukapita kukaona, funsani mafunso amene anthu amachita nawo manyazi. Mwana akadwala usiku amamutengera kuchipatala ndani? Fizi ikachedwa amamutulutsa kapena amadikira? Akalakwa chachikulu, amayamba akuimbirani inu kapena mumangomuona wafika ndi chikwama? Ndipo musafunse asisiteri okha, mukapeze mtsikana wokhala momwemo pamene iwo palibe.

Za ndalama, dziwani kuti nyumba zambiri zoterezi zimayendera ndalama zomwe ana amalipira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la chimanga, mafuta ophikira ndi sopo zinakwera kwa asisiteri chimodzimodzi ndi kwa ife. Chimene ine ndimadandaula ndi chakuti akhristu timasonkha msanga ndalama za matailosi a m'tchalitchi, koma kunena kuti mphakati uliwonse ulipirire mwana mmodzi bedi, anthu amayang'ana pansi.

Che Amidu: Ine si Mkatolika, ndine Msilamu wa ku Chinamwali kuno, koma nkhaniyi ndili nayo mbali. Mchemwali wanga wamng'ono anakhala zaka ziwiri m'nyumba ya asisiteri, chifukwa kuchoka kwathu kupita pa kampasi tsiku ndi tsiku ndalama ya thiransipoti inkatha ngati madzi, komanso kunyumba kuli ana ambiri, powerengera palibe. Mayi athu anakana poyamba, ankati akabwerako ali ndi mtanda pakhosi. Ndinapita ndekha kukafunsa. Anandiuza kuti pemphero la madzulo amene safuna akhoza kukhala m'chipinda mwake, bola asasokose. Mwezi wa Ramadhani ankamusungira chakudya chake kuti adye dzuwa likalowa, ndipo kiyi wa kukhitchini ankamupatsa kuti adzuke m'bandakucha kukadya daku. Tsiku lina anzake anamuphikira futali, mbatata yake yosapsa bwino, koma anadya. Za nyama anagwirizana kuti tsiku la nkhumba iye amupatse mazira ophikidwa mumphika wina.

Anamaliza, hijabu ili kumutu monga anapitira. Chimene anabwera nacho ndi nyimbo za kwaya, amaziimba akamachapa, mayi n'kumamuyang'ana m'mbali.

Sindikuti paliponse zili choncho. Ndikungoti ife tinafunsa tisanalipire.

Konti wa ku Chikanda: Che Amidu, ngati kumeneko kuli tsiku la nkhumba ndiye ndiuzeni ngati amalandira anyamata.

Gift Zotchipa: Matiresi, mbaula, ndowa ndi mahotipuleti zilipo mayaro, mitengo yakugwa, ndimabweretsa mpaka pakhomo.

Adimini: A Gift, malonda ndi Loweruka. Kachiwiri ndikutulutsani.

Bambo Chirwa: Ana inu mwandikumbutsa kale. Ine ndinali pa Chancellor College, pa Chirunga pomwepa, kuyambira 1990, nthawi imene tonse tinkagona pa kampasi, kudya ku kafeteriya kwaulere, alawansi pamwamba. Koleji inasamukira ku Zomba kuchoka ku Chichiri mu 1973, ndipo mahositelo anamangidwira chiwerengero cha ophunzira a nthawi imeneyo, amene tinkadziwana nkhope tonse. Lero ana achuluka kambirimbiri, zimene ndi zabwino, koma nyumba zogona sizinakule nawo limodzi. Ndiye Chikanda imene a Konti akuinyadirayo inabadwa ndi kusowa, si kuti wina anakhala pansi n'kuikonza.

Koma ndikufuna ndiyankhe mawu aja akuti mwana wa kwa asisiteri amangodziwa belu. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena poyera zinthu zimene tinkanong'onezana kubafa mpopi uli wotsegula: anthu kutsekeredwa popanda mlandu, malipiro a umphawi, kusiyana kwa olemera ndi osauka, mantha oyankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Makina osindikizira a ku Balaka kumene inasindikizidwa anatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Amene anayamba kutuluka mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopi anali ophunzira a pa Chirunga pomwepa, ndipo koleji inatsekedwa. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, zotsatira zake mukuzidziwa.

Chimene mabuku sanena ndi chakuti kulimba mtima kumeneko sikunagwe kumwamba tsiku limodzi. Panthawi imene ukakhala pa gulu sunkadziwa kuti kazitape ndi uti, anthu amene tinkapemphera limodzi, kuyeserera kwaya limodzi, kukaona odwala ku chipatala chachikulu limodzi, ndi okhawo amene tinkakhulupirirana. Ambirife tinachokera ku YCS, gulu la ophunzira achikhristu la ku sekondale, kumene anatizoloweza zitatu zija: ona, weruza, chita. Ndiye ndikamva kuti pali nyumba imene ana amakhala, kudya ndi kupemphera pamodzi, ine sindiona khola. Ndimafunsa kuti pa tebulopo amakambirana chiyani. Ngati amangokambirana za kutalika kwa siketi, ndiye a Esnart akunena zoona, ndalama zanu zipite kwina. Ngati amaloledwa kutsutsana, ngakhale kutsutsa asisiteriwo, mwana amatulukamo ali ndi msana.

Pepani ndatalikitsa, ukalamba.

Esnart: Bambo, kwathu kuja inali siketi.

Bambo Chirwa: Ndiye anakulakwirani, mwana wanga.

Limbani ku Leeds: Ndikuwerenga ndili kuno kozizira. Nkhani ya nyumba zoterezi si ya ku Malawi kokha. M'mayunivesite ambiri a ku America muli malo a ophunzira Achikatolika otchedwa Newman Center, ena okhala ndi zipinda zogona. Dzinalo ndi la John Henry Newman, Mngelezi wa ku Oxford amene anachoka mu Anglikani kulowa Katolika mu 1845, ndipo anatchulidwa woyera mu 2019. Mfundo yake inali yoti ophunzira amaphunzitsana okha zambiri pongokhala pamodzi, nthawi zina kuposa zimene amamva m'kalasi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kunoko vuto la mwana ndi kusungulumwa, amadya yekha kutsogolo kwa kompyuta. Kwathu kusungulumwako kulipo, koma kumabwera ndi njala.

Konti wa ku Chikanda: A Limbani, Newman ameneyo anayamba wagonapo ndi njala loni itachedwa miyezi iwiri? Tumizani mapaundi tione ngati sitikhala oyera nafenso.

Koma zoona zake, kuti ndisamangoseka, pali chimene a Mphatso anena chimene chandikhudza. Chaka chatha mnyamata wa chipinda choyandikana nane anawidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso. Tinadziwa atapita kale. Miyezi yonseyo ankatuluka m'mawa ndi chikwama ngati akupita m'kalasi, kumeneko akukakhala ku kubetcha mpira kuti apeze ya lendi. Tinkapatsana moni tsiku lililonse, kubwerekana mchere, koma palibe anamufunsa. Ndiye za mpando wopanda munthu zija ndazimva. Komabe ine geti la 9 koloko ayi.

Anaphiri a ku Matawale: Ine ndine mmodzi wa alandilodi amene mukutinena pano, ndiye ndiyankhepo. Ndili ndi zipinda zinayi kuseri, ndimasunga atsikana okhaokha, chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Ndine wa mphakati, ndipo ana anga ndimawatenga ngati anga, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akadwala malungo ndimawaperekeza, ndiwo zikawathera ndimawapatsa nkhwani za kudimba. Koma ndisakunamizeni mayi, ine sindingathe zimene asisiteri amachita. Sindinapite patali ndi sukulu, mwana akandiuza kuti walephera kosi ine ndimangoti pepa. Ndipo sindingamuletse mlendo, walipira chipinda chake.

Alandilodi ena ndi zilombo, ndikuvomera. Kuika ana anayi m'chipinda cha munthu mmodzi, chimbudzi chimodzi anthu makumi awiri, kukweza lendi pakati pa semesita. Koma ana enanso ndi mavuto, amathawa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu, kusiya loko pachitseko, ukathyola upeza muli katoni yokha.

Langizo langa ndi ili: chaka choyamba muikeni kwa asisiteri ngati thumba likulola. Chaka choyamba ndi chimene chimathyola ana. Amabwera ali ndi mapointi abwino, kwawo ankatchedwa anzeru, kuno apeza aliyense ndi wanzeru, palibe womuuza kuti werenga. Akadziwa njira, akadziwa anzake enieni, chaka chachiwiri adzasankhe yekha. Ndikudzichotsera kasitomala ndekha apa, koma ndanena. Ndipo mumugulire juzi yochindikala ndi bulangete lachiwiri. Juni ndi Julaye chifunga chikatsika m'phirimu, a ku Mchinji mudzati tinakulodzani.

Akatekisiti a ku Sadzi: Anaphiri anena zanzeru. Ndiwonjezere kuti ngakhale atakhala ku lendi, mwana Wachikatolika ku Zomba sasowa kolowera. Pa kampasi pali gulu la ophunzira Achikatolika ndi bambo mlangizi wawo, a mipingo ina ali ndi SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, ndi magulu awo. Tauni ino ndi likulu la dayosizi, tchalitchi chachikulu cha Mtima Woyera chili pompano, Ambuye Alfred Chaima ndiwo episkopi wathu kuyambira 2023. Seminale yaikulu ya St Peter's ilinso konkuno, ndiye inu a ku Mchinji amene muli ndi seminale ya Kachebere musadzione ngati mwafika kuchilendo. Kungoti zonsezi mwana amazipeza akazifuna yekha. Kusiyana kwa nyumba ija ndi kwakuti zimamupeza iye ngakhale tsiku limene sakuzifuna.

Esnart: Ndipo pamenepo ndi pamene pali ubwino wake ndi kuipa kwake, akatekisiti.

Mayi a Tadala: Uyu ndi Tadala, ndabwereka foni ya amayi, andilola. Zikomo nonse koma mukukambirana za ine ngati mbuzi ya pa msika. Ine sindikukana kupemphera, ndakhala mlembi wa YCS zaka ziwiri. Chimene ndikuopa ndi ichi. Kuyambira Fomu 1 ndakhala ndikuuzidwa nthawi yodzuka, yodya, yogona, chovala. Sindinayambe ndasankhapo chinthu ndekha. Ndikapitanso kumalo kotero zaka zina zinayi, ndidzadziwa liti ngati ndimapita ku Misa chifukwa ndimafuna kapena chifukwa akundiwerenga? Komanso ndalama zimenezo ndi za fodya wa adadi, ndili ndi azing'ono anga atatu. Asisi Mphatso ndiyankheni moona, inu simunkadziona ngati mwana wa sekondale?

Mphatso: Tadala mng'ono wanga, funso lako ndi labwino kuposa mayankho athu onse. Moona: masiku ena inde. Tsiku lina ndinakalipiridwa chifukwa cha buluku, ndili ndi zaka 22, ndinalira ndi ukali. Ndipo panali mtsikana wina wokonda kukanena anzake, amene mpaka lero ndikamuona pa Facebook ndimadutsa msanga.

Koma za Misa, kwathu sankawerenga anthu. Semesita ina yathunthu, bambo atamwalira muja, sindinapite. Ndinali nditakwiyira Mulungu ndipo ndinawauza asisiteri maso ndi maso, ndikuyembekeza kuti andithamangitsa. Anangoti, bola ukumuyankhulabe, ngakhale mokalipa. Mwezi wa Okutobala anzanga akupemphera kolona pabwalo ine ndinkakhala pa windo ndi buku, kumva mawu okha. Ndinabwerera ndekha nthawi ya Lenti, pa Njira ya Mtanda, popanda wondikoka. Ndiye yankho la funso lako ndinalipezera momwemo. Esnart sanalipezemo. Sindingakulonjeze kuti iwe udzakhala uti mwa awirife.

Za ndalama, tenga pepala uwerengere wekha, usamve za ine. Ku lendi uphatikize makala, ufa, ndiwo, sopo, magetsi, madzi, kabaza wa tsiku la mvula, mapoto ndi ndowa zoyambira. Ukatero uyerekeze. Kwa ine kusiyana kunalipo koma kunali kochepa kuposa mmene adadi ako akuganizira. Ndipo funsa ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, kapena kubweretsa matumba a chimanga ndi mtedza m'malo mwa gawo la ndalama. Ife ena tinkatero, ndipo a ku Mchinji mtedza simusowa.

Konti wa ku Chikanda: Tadala, ukabwera udzayambe waona zonse ziwiri ndi maso ako. Ndidzakuonetsa chipinda chabwino cha ku Chikanda ndi choipa chomwe, kuti usadzati ndinakunamiza. Ndibwera ndi mnzanga wamkazi wa chaka chachitatu kuti amayi asade nkhawa.

Esnart: Ndipo ukakalowa kwa asisiteriko ukafunse funso langa, lakuti mtsikana akatenga pathupi amamutani, mayi ako ali pomwepo. Ukayang'ane nkhope zawo poyankha.

Mayi a Tadala: Ndabwerera ndine mayi ake, foni ndalanda. Ndawerenga zonse kawiri, zina ndawawerengera bambo ake. Pa za mtedza paja anadzuka pa mpando. Sanavomere, koma anena kuti tipite tikaone, ine ndi mwana, iwo atsale ndi ziweto. Tagwirizana ndi Tadala kuti tikaona konse kuwiri, ndipo akasankha kwa asisiteri ndi chaka chimodzi chokha, chachiwiri tidzakambirananso. Iye akuti semesita imodzi. Tikangana m'basi.

Funso la a Esnart ndikafunsa ndekha, ngakhale pakamwa padzalemera. Tsopano ndiuzeni za ulendo, tikufuna kunyamuka Lachisanu.

Che Amidu: Mulawire mayi, ulendowo ndi wa tsiku lathunthu. Mchinji mpaka Lilongwe, pamenepo mufunse basi yodzera Balaka ndi Liwonde, musakwere ya Zalewa ikakutsitsani ku Blantyre. Mukadutsa Domasi ndi Chinamwali mwafika. Mukatsike ku depoti.

Anaphiri a ku Matawale: Mukafika mochedwa musakalipire malo ogona, chipinda chimodzi kwanga chili chopanda munthu mpaka sukulu itsegulidwe. Ndilembereni ku inibokosi. Mubwere ndi kamtedza kolawa.

Konti wa ku Chikanda: Loweruka m'mawa ndili ndi disikashoni mpaka 10 koloko, ikatha ndikupezani pa geti la kampasi. Muvale nsapato zoyendera, kwathu kulibe tala.